Kupuma Kumene Ndinakumva Molakwika

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde, phiri la Soche likundiyang'ana monga mwa masiku onse. Iwe wapita kokamangitsa tsitsi, amayi ako ali kuseri akukazinga mtedza woti unyamule, ndipo chikwama chako chachikulu chaima pabalaza ngati mlendo amene watsanzika kale. Mawa mmamawa ukukwera basi ya ku Mzuzu kukayamba koleji. Makolo anzanga tsiku ngati lino amakhala ndi malangizo okonzeka: usamale ndi anyamata, usaiwale tchalitchi, uzilimbikira sukulu. Zimenezo amayi ako akuuza kale kangapo, ndipo ndi zoona. Zanga ndi zosokonekera. Pepala lino ndaliyamba katatu, ndipo sindikudziwa ngati ndikukulangiza kapena ndikudziulula. Undipirire, uwerenge mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi chimene chikundipweteka. Patha miyezi inayi osandiitana kuti adadi. Kuyambira uli kamwana kosadziwa kumanga nsapato, dzina langa kwa iwe linali limenelo. Tsopano ndine "bambo", ndipo umalitchula ukuyang'ana kumbali. Ndikudziwa tsiku limene zinasintha. Linali Loweruka masana, ndikulowa pakhomo pano, iwe ukuchapa pampopi. Unandifunsa osadzutsa mutu kuti, "Ku Naperi kuli bwanji?" Ine mmawa wa tsikulo ndinali nditatsanzika kuti ndikupita ku ofesi kukamaliza ntchito. Ndinasanjikiza bodza lina pa bodza loyamba: "Naperi wa chiyani? Ndinali ku ntchito." Unangoti, "Chabwino bambo," n'kupitiriza kufinya malaya anga omwe. Pambuyo pake ndinakumbukira kuti tsiku limenelo unapita kwa mnzako wa ku Naperi kukatenga mabuku. Ndiye kuti unaona zonse: bambo ako akugogoda pa geti ya eni ake, mayi wina wovala thalauza akuwalandira ndi nsangala, geti n'kutsekedwa. Sindikukudzudzula. Ndikanakhala ine ndikanaganiza zomwezo. Koma kuti umvetse zimene zinali kuseri kwa geti imeneyo, ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Ukukumbuka chaka cha namondwe uja, matope atatsika m'phiri n'kukwirira nyumba za anthu ku Chilobwe. Ukukumbuka kuti ndinakhala masiku awiri kumeneko ndi khasu, kukumba pamalo pamene panali nyumba ya mlongo wanga, azakhali ako a Esinati. Tsiku lachitatu anapezeka ali moyo pa sukulu ina pamene anthu anathawira, atafunda bulangete la eni ake, akudandaula za mapoto awo. Tonse tinalira ndi chimwemwe. Koma mwana wanga, mutu wanga uthenga umenewo sunaulandire. Unapitirizabe kukumba. Mvula ikangoyamba kuwaza pa malata, ine ndinkaona matope akulowa pansi pa chitseko. Kenako zinafalikira ku zinthu zosakhudzana ndi mvula. Foni ikalira, ndinkati ndi uthenga wa maliro. Iwe ukachedwa kuchokera ku sukulu, ndinkaona minibasi itagada m'ngalande. Bwana akangotseka chitseko cha ofesi yake, ndinkati akulemba kalata yondichotsa ntchito. Pachifuwa pankakhala ngati wina wakhalapo. Ndipo sindinauze munthu aliyense, chifukwa ndinakula ndikumva kuti mwamuna amameza. Ndinameza kwa chaka chathunthu. Uku kunali kulakwitsa kwanga koyamba. Iwe usadzameze, Tamanda. Chimene wameza sichichoka, chimangosamukira m'kati.

Kulakwitsa kwachiwiri ndi kumene kumandichititsa manyazi ndi kundiseketsa nthawi imodzi. Mutu utayamba kundiwawa tsiku ndi tsiku, ndinapita ku kiliniki. Nesi amene anandiyeza bipi anayang'ana makina, n'kuyang'ana ine, n'kuyezanso kachiwiri. Kenako anati, "Bambo, mankhwala mulandira ndipo muzimwa. Koma inu vuto lanu lina ndi lakuti simudziwa kupuma. Phunzirani kupuma." Ndinavomera ndi mutu ngati munthu amene wamva. Ndinapita ku ofesi n'kupempha tchuthi cha mwezi wathunthu. Ukukumbuka mwezi umene ndinkangokhala pampando uno kuyambira mmawa mpaka madzulo, amayi ako n'kumandisuntha akafuna kusesa? Ndinkati ndikutsatira malangizo a kuchipatala. Koma maganizo anandipeza bwino kwambiri mwezi umenewo, ngati agalu apeza mbuzi yomangirira. Ku ntchito ndinkatanganidwako. Pakhonde pano ndinalibe pothawira. Ndinafika poganiza kuti mwina nesi uja ankatanthauza kupuma pa ntchito kumene, ndipo ndinayamba kudziona ndili nkhalamba yopanda pake ndisanakwanitse n'komwe zaka zake.

Mwezi utatha ndinabwerera ku kiliniki ndili wokwiya. Ndinati, "Anesi, ndapuma mwezi wonse monga munanenera, koma zangoipiraipira." Anandifunsa kuti ndinapuma bwanji. Nditamufotokozera za tchuthi, anaseka mpaka kugwira tebulo. "Aa, bambo inu! Ine ndinkanena kupuma kwa mpweya! Tadzimverani mmene mukupumiramo, ngati munthu amene wathamangitsidwa ndi galu." Anandiuza kuti ndiike dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba. La pachifuwa linkakwera ndi kutsika mofulumira, la pamimba linali zii. Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndikupuma, ndipo nesi wa msinkhu wa mwana wanga ankandiuza kuti sindidziwa kupuma. Mawu amodzi okha, Tamanda, a chilankhulo changa chomwe, anandidyera mwezi. Ndikanangofunsa kuti, "Kupuma kwake kuti?" Choncho uzifunsa. Kumene ukupitako anthu adzakuuza zinthu zambiri, ndipo udzafuna kuoneka ngati wamva. Uzifunsa, mwana wanga, ngakhale funsolo lioneke lopusa.

Nesi yemweyo ndi amene anandilozera ku Naperi. Anati kuli mayi wina amene Loweruka lililonse mmawa amasonkhanitsa anthu pabwalo la nyumba yake n'kumawaphunzitsa yoga, masewera otambasula thupi ndi kupuma mpweya mwadongosolo. Mayi amene unawaona pa geti aja ndi amenewo. Ndi Mayi Nyirenda, a kumpoto kumene ukupitako, ali ndi zidzukulu zinayi, ndipo amuna awo ndi amene amatiwiritsira madzi akumwa tikamaliza. Anali nesi nawonso, anapuma pa ntchito, ndipo yoga anaiphunzira kwa dokotala wina wa chimwenye amene ankagwira naye ntchito kalekale. Tsiku loyamba ndinapita nditavala thalauza la suti ndi nsapato zopolisha, chifukwa sindinkadziwa kuti kumeneko kumavalidwa chiyani. Ndinapeza anthu khumi ndi awiri atakhala pansi pa timikeka ta labala, opanda nsapato. Bambo wina wonenepa, a Bonongwe, dalaivala wa minibasi ya ku Bangwe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, intavyu ndi geti inayo. Kuno timangogona pansi." Anthu onse anaseka. Ndinafuna kubwerera, koma Mayi Nyirenda anali atatseka kale geti.

Kumenekonso ndinalakwitsa. Nditaona a Bonongwe ndi chimimba chawo akuwerama mpaka kugwira zala za kumapazi, ndinati ine wa ku ofesi sindingagonje kwa dalaivala. Ndinadzikakamiza, msana unalira, ndipo ndinayenda chopendekera sabata yonse. Ndinakunamizani kuti ndinanyamula makatoni a mafayilo. Loweruka lotsatira Mayi Nyirenda anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adada, mukulimbana ndi ndani? Kuno kulibe mayeso. Weramani mpaka pamene thupi lakuuzani kuti basi, mukhale pamenepo, mupume." Anandiphunzitsa zinthu zazing'ono: kukweza manja pang'onopang'ono ndikukoka mpweya, kuwatsitsa ndikuutulutsa, kugwada n'kuika chipumi pansi ngati khanda logona, kumasula mapewa. Sindinkadziwa kuti mapewa anga ankakhala pafupi ndi makutu tsiku lonse. Sindikumvetsa mpaka lero kuti kutambasula mwendo kumakhudzana bwanji ndi mantha a m'mutu. Ndinafunsa, anandifotokozera za mitsempha, sindinamve. Ndikungodziwa kuti ndinkatuluka pa geti paja pachifuwa patapepukako. Iwe ukukakumana ndi ana anzeru ochokera m'dziko lonse, ndipo udzafuna kugwira zala za kumapazi tsiku loyamba. Usadzipweteke msana, Tamanda. Fika pamene ungathe lero, upume pamenepo.

Chovuta kwambiri kwa ine chinali cha kumapeto, chimene iwo amati mediteshoni. Timakhala chete, maso otseka, kwa mphindi khumi, kumangomvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Ine ndinamva ngati akuti tichotse maganizo onse m'mutu, ndiye ndinkawathamangitsa ndi mphamvu zanga zonse. Ndikathamangitsa matope, kunkabwera bwana. Ndikathamangitsa bwana, kunkabwera iwe uli m'chipatala. Ndinkatsegula maso thukuta lili kamukamu, anzanga ali phee ngati adya bwino. Tsiku lina tikuvala nsapato ndinadandaula kwa a Bonongwe kuti ine izi zikundikanika. Anati, "Achimwene, munaimapo pa siteji?" Ndinati tsiku lililonse. Anati, "Ndiye oitanira akamakuwa kuti Limbe, Limbe, Bangwe, Machinjiri, mmodzi yekha yanyamuka, inu mumawauza kuti akhale chete?" Ndinati sizingatheke. Anati, "Nanga mumakwera minibasi iliyonse imene yaitanidwa?" Ndinati ayi, ndimadikira ya kwathu. Anandimenya paphewa. "Basitu. Inu vuto lanu mumakwera iliyonse. Winayo akangokuwa kuti Maliro, Maliro, inu mwakhala kale mpando wa kutsogolo. Isiyeni idutse. Ine ndine dalaivala, ndikukuuzani, siyikakamiza munthu."

Mawu amenewo ndinawatenga. Tsopano ganizo loipa likabwera sindilimbana nalo. Ndimangoti mumtima, "Iyo yaitanidwa," kenako ndimakoka mpweya kudzera m'mphuno ndikuwerenga mpaka folo, mimba n'kufufuma, ndiye n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka sikisi. Ndimabwereza kangapo. Nthawi zina imadutsa. Nthawi zina ndimazindikira ndili kale kutali, nditakwera osadziwa, ndipo ndimangotsika n'kubwerera pa siteji. Ndisakunamize kuti ndinachira. Mankhwala a bipi ndikumwabe. Mvula yamphamvu ikagwa ndimayang'anabe pansi pa chitseko. Mlungu wathawu ndinakhala mphindi zonse khumi ndikuganiza za basi yako ikukwera mapiri a kumpoto, ndipo mpweya sindinaumve ngakhale kamodzi. Kaya ndikupita patsogolo, kaya ndikuzungulira pamodzimodzi, sindikudziwa. Koma usakwere iliyonse, mwana wanga. Chimenecho chokha ndili nacho chitsimikizo.

Tsopano undifunsa kuti, ngati zinali zimenezi basi, n'chifukwa chiyani ndinkabisa? Apa ndi pamene ndasokonezeka kwambiri. Ukudziwa kuti ku tchalitchi amandipatsa ulemu, ndimawerenga mawu kutsogolo. Ndinamvapo mlaliki wina akunena kuti yoga ndi kupembedza milungu yachilendo, kuti munthu akakhala chete n'kutsegula mutu, mizimu yoipa imalowamo. Mawu amenewo ankandibwerera ndikangotseka maso. Ndinafunsa Mayi Nyirenda, amenenso ndi munthu wopemphera, ngati sitikuchimwa. Anati, "Adada, kumene zinachokera ena amazichita mwa chipembedzo chawo, zimenezo n'zoona. Kuno ine ndakuuzanipo kuti mugwadire chinthu? Mpweya umene mukukokawo anakupatsani ndani?" Yankho limenelo linandikhazika mtima pansi masiku atatu, lachinayi ndinayambanso kukayika. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndikakhala chete paja ndimakhala ndikupemphera kapena ayi. Ndimangoona kuti ndikachoka kumeneko, pemphero langa limakhala ndi mawu ochepa ndipo silithamanga. Nkhani imeneyi sindingakugamulire. Udzaiganizire wekha ndi Mulungu wako. Koma ndinkaopa kuti akulu anzanga akamva adzati ndalowa za usatana, ndipo ndinkaopanso, ndinene zoona, kuti inu a pakhomo pano mudzandiseka. Bambo wamkulu, wa imvi, kumakagwada pa kamkeka ndi madalaivala.

Ndiye ndinabisa, ndipo uku ndiko kulakwitsa kwanga kwakukulu kuposa konse. Ndinkapita ku Naperi kukachotsa maganizo m'mutu mwanga, osadziwa kuti ndikuwabzala m'mutu mwa mwana wanga. Miyezi inayi wakhala ukundiyang'ana ndikudya, ukuyang'ana amayi ako, ukusenza chinthu chimene sunkatha kuuza aliyense. Unameza, ngati bambo ako. Minibasi imeneyo ndinaiitanira ndine, ndipo nditakunamiza pampopi paja ndinakutsekera chitseko ndekha. Pepa, Tamanda. Sindikudziwa mawu ena oposa amenewa.

Amayi ako ndawauza lero tikuchokera ku tchalitchi. Ndinayamba pa mlatho paja, ndipo pofika pa chigayo ndinali nditamaliza. Ndinayamba kuwerenga mpweya mumtima. Kenako anaima pakati pa msewu n'kunena kuti, "Ndiye abambo ake Tamanda, Loweruka lililonse mumakwera minibasi kupita ku Naperi kukagona pansi? Kunyumba kwanu pansi palibe?" Anati, "Ine ndinkadziwa kuti si za mkazi. Munthu wochokera kwa chibwenzi sabwera ndi udzu kumsana." Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anati, "Chaka chonse mukudwala pambali panga osandiuza. Chimenecho ndiye chandipweteka." Kaya andikhululukira, kaya ayi, sindikudziwa. Mtedza akukazingawo sanandipatseko ngakhale umodzi. Koma afunsa kuti azimayi kumeneko amavala chiyani.

Pali chifukwa china chimene ndakuuzira zonsezi. Matenda angawa ndimawaona mwa iwe. Ndinkakumva ukusanza mmawa uliwonse sabata ya mayeso a fomu folo, iwe n'kumati ndi mimba chabe. Kalata yokuitana ku koleji itabwera, anzako ankavina, iwe unaiwerenga kasanu n'kunena kuti, "Mwina alakwitsa dzina." Dzulo unalongedza ndi kupasula chikwama katatu. Mapewa ako nawonso amakhala pafupi ndi makutu. Ndinkakuona uli wakhanda ukugona pachifuwa panga, kamimba kako kakukwera ndi kutsika bwinobwino popanda wokuphunzitsa. Sindikudziwa kuti tinakuiwalitsa liti. Ndipo ku Mzuzu amati mvula siichedwa, kumazizira, anthu ndi achilendo, ndipo oitanira a m'mutu adzakuwa kwambiri: ulephera, sakukonda, kunyumba kwachitika zoopsa. Ikadzaitanidwa imeneyo, ika dzanja pamimba, folo kulowa, sikisi kutuluka. Ukadzaona kuti zakukulira, kuti sukudya, sukugona, kapena ukuganiza zodzipweteka, usadzadalire mpweya wokha. Pita kuchipatala, uza munthu, ndiimbire ine nthawi iliyonse. Ndikulonjeza kuti foni yako ikalira sindidzayamba ndi kuganiza za maliro. Kapena ndinene kuti ndidzayesetsa.

Kamkeka kanga, kamene kankakhala kuseri kwa chitseko kwa Mayi Nyirenda, ndinabwera nako dzulo nditakabisa m'thumba la ufa. Ndakapukuta, ndakakulunga, ndakaimika pambali pa chikwama chako. Sindinakamangirire. Ukakafuna utenge. Ukapanda kukafuna usiye, sindidzadandaula, chitenje chimakwana, ngakhale pansi penipeni, monga anenera amayi ako. Mayi Nyirenda akuti ndikupatse moni, ndipo akuti usakaope kwawo, anthu ake ndi aulemu.

Maganizo anga anali oti kalatayi ndiilowetse pansi pa zovala m'chikwama, ukaipeze uli kale ku Mzuzu, ine ndisaone nkhope yako ukuwerenga. Ndangozindikira pompano kuti kumeneko ndi kubisanso. Ndikumva mawu ako kumsewu, ukutsanzikana ndi mnzako. Woitanira wa m'mutu uja akukuwa kuti mwanayo sakhulupirira, sakhulupirira, mmodzi yekha yanyamuka. Ndaika dzanja pamimba. Sindikwera. Ukalowa pa geti ndikupatsa pepalali m'manja, ndipo ndikhala pampando pomwe pano mpaka umalize.

Sindikupempha kuti unene zambiri. Ngati ukufuna umboni, amayi ako ali kuseriko, ndipo Naperi si kutali. Ukadzakhala wokonzeka, kaya lero, kaya mawa pa depoti, kaya pa holide, udzangondiitana ndi dzina lija. Ndidikira.

Puma, mwana wanga. Ndipo popeza ndakuphunzitsa kufunsa, ukandifunsa kuti kupuma kwake kuti, ndikuyankha kuti konse kuwiri.

Ndine,
Adadi ako